Thovu Linauma pa Tsaya Limodzi

3 Malichi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi nkhalamba zanu zomwe mumazisambitsa. Ife kuno tilipo. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni sindimasuka. Khoma la pakati pa chipinda changa ndi cha bambo ndi la matabwa, munthu akatembenuka pabedi mnzake amamva.

Bambo anatuluka pa belo Lachiwiri. Loya akuti mlandu udzalowa m'khoti mu Julayi. Atafika sanakwere n'komwe kumwamba kumene timagona. Anatsegula shopu, kupukuta magalasi, kuthira sipiriti m'botolo, n'kuima kumbuyo kwa mpando wometera atavala jekete lawo loyera lija. Anaima choncho mpaka dzuwa kupendeka. Sipanalowe munthu, kupatula ntchentche.

Munati ndikuuzeni zonse mwadongosolo, popeza kumaliro a amayi simunathe kubwera ndipo aliyense wakuuzani zake. Zimene apolisi ali nazo ndi izi. Tsiku lija m'mawa anthu anamva bambo ndi amayi akukangana. Imeneyo si nkhani, msewu wonse unkadziwa kuti kwathu wailesi sinkafunika. Masana bambo ankameta ndevu a Kondakitala, aja anapuma ntchito aja. Atameta tsaya limodzi anati, "Ndikubwera," n'kutuluka. A Kondakitala anakhala pampando mpaka thovu la tsaya linalo linauma n'kuyamba kuwayabwa. Bambo atabwera anapaka thovu lina n'kumaliza bwinobwino, osatema ngakhale kachiphuphu. A Kondakitala akupisa m'thumba, m'pamene mayi a nyumba yoyandikana nafe anakuwa kuseri. Amayi anali gone pansi pa masitepe, beseni la mathaulo litagubuduka mpaka pampopi.

Bambo akuti anapita kukagula malezala pagolosale ya pakona, anapeza potseka. Apolisi akuti anazungulira kuseri, kukwera, n'kuwakankha amayi. Palibe anawaona kuseri. Palibenso anawaona pakona.

Tsopano anthu akafika pa shopu yathu amawolokera tsidya lina, ngati pali dzenje. Sindiwaimba mlandu. Ndani angapereke khosi lake kwa munthu amene nyuzipepala yamulemba kuti ndi wakupha? Ngakhale a Telala a khomo lotsatira, omwe ameta kwa bambo chiyambire tili ana, akusunga ndevu. Akuti ndi fasho.

Ndiye Lachinayi ndinatsika n'kukhala pampando ndekha. Ndevu zanga mukuzidziwa, zapatalipatali ngati mano a nkhalamba zanuzo. Bambo anandiyang'ana pagalasi. Anatenga lezala latsopano, n'kulithyola pakati lili m'pepala lake monga amachitira kuti kasitomala aone kuti silinakhudzepo munthu, n'kulilowetsa mu lumo. Chitseko ndinachisiya chotsegula dala. Kuyambira tsiku limenelo ndimametedwa m'mawa uliwonse, msewu wonse ukuonerera. Chibwano changa chasalala ngati mbale.

Ndikagonetsa mutu ndimaona m'magalasi awiri oyang'anizana aja abambo ambirimbiri atandandalika mpaka kutali, aliyense ndi mwana wake. Wakutali kwenikweni, wobiriwira uja, nthawi zina amaoneka ngati akuchedwa kukweza dzanja.

Mundiuze ngati kuzizira kwatha kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Kadzidzi


21 Malichi

Kadzidzi wanga,

Kalata yako ndaiwerenga katatu, kawiri m'basi, kamodzi m'chipinda chochapira. Ine ndili bwino. Kuzizira kukadalipo, dzuwa limatuluka ngati mlendo wamanyazi, kungosuzumira n'kubwerera. Ndalama ya loya ndatumiza, ukatenge Lolemba.

Wachita bwino kukhala pampandopo. Ndinakupatsa dzina la Kadzidzi chifukwa unkangoyang'ana anthu osaphethira, sindinkadziwa kuti tsiku lina udzakhala ndi ntchito. A Telalawo asunge ndevu mpaka zidzakodwe m'makina.

Bambo sanachite zimenezo. Sindikufuna umboni ine. Kuno kuli gogo wina amene ndimamutsuka m'mutu Lachitatu lililonse. Sandidziwa, amanditchula dzina la mwana wake amene anamwalira kalekale. Koma ndikamuika dzanja pamphumi kuti sopo asalowe m'maso, amatseka maso n'kumwetulira. Dzanja limenelo ndinaliphunzira kwa bambo. Ukukumbukira akatha kutimeta ankatiuzira pakhosi kuti tsitsi lisatiyabwe? Iwe unkaseka mpaka kugwa pa thabwa lija ankaika pampando kuti utalike. Munthu wouzira mwana pakhosi angakankhe mkazi wake pamasitepe?

Masitepe ajanso ndi oipa. Thabwa lachitatu kuchokera pamwamba limagwedera chiyambire. Amayi ankatsika ndi beseni kutsogolo, osaona popondapo. Umuuze loya zimenezi.

Masiku ano ndikumalota shopu. Ndimalota pansi ponse pali tsitsi lofika m'maondo, lofewa, ndipo amayi akuyenda m'menemo atanyamula mathaulo, akundifunsa ngati ndadya. Ndikati ndiyankhe, basi yafika pamalo otsikira.

Bambo akudya? Akugona? Lemba msanga.

Mchemwali wako


9 Epulo

Mwana wanga,

Moni wochokera kwa mayi ako aang'ono. Ine ndilipo ndi miyendo yangayi. Keyala yako ndaipeza movutikira, popeza inu ana a mkulu wanga mwandisandutsa mdani.

Ndamva kuti ukutumiza ndalama kwa loya woti apulumutse munthu amene anapha mayi ako. Zikomo kwambiri. Mkulu wangayo ankachapa mathaulo a ndevu za anthu mpaka manja kusuwa kuti iwe upite kusukulu, lero malipiro ake ndi amenewa.

Usandiuze kuti sukudziwa. Kawiri konse mayi ako anabwera kwa ine ndi chikwama, diso litatupa. Ananyamula chikwamacho ndani? Si iwe, uli ndi yunifolomu ya sukulu? Akuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma apa mkhate unasweka kale, mwana wanga, mukusunganso chiyani?

Mlongo wakoyo wasanduka chidole cha pawindo. M'mawa uliwonse amapereka khosi anthu akuona. Ena akuti akufuna shopu, ine sindinanene. Koma Lamulungu lapitali anabwera kwathu. Ndinamupatsa chakudya, anadya. Kenako anatenga mpango wa mayi ake umene ndinasunga, n'kuugwira nthawi yaitali. Ndiye anati, "Mayi aang'ono, m'kabati munali modzaza." Ndinati kabati iti? Anangoima n'kutsanzika. Mwana ameneyu akudziwa kanthu, ndipo kakumudya.

Ndakauza a boma kuti ndi iye amene ankagula zinthu za mu shopu. Amuitana ngati mboni. Umuuze akanene zoona. Mlandu suola, ndipo wakufa alibe pakamwa, pakamwa pake ndi inu.

Ndimakupemphererani nonse awiri, ngakhale simukufuna.

Mayi ako aang'ono


2 Meyi

Kadzidzi,

Uli moyo? Mwezi wathunthu ndi masabata, ziii. Ndalama unatenga, zimenezo ndaona. Ndikaimba foni umangoti "tili bwino" ngati wolandira alendo ku ofesi.

Mayi aang'ono andilembera. Akuti ukumadya kwawo. Akuti uli ndi nkhani ya kabati. Kodi watembenuka? Ngati watopa nawo bambo, nena, ndipeze munthu woti aziwaphikira. Koma usamakhale pampando wawo m'mawa, masana n'kukawagulitsa kwa mayi aang'ono. Abale a amayi aja sanawakondepo bambo chiyambire. Pa ukwati penipeni akuti ankanong'onezana kuti mkulu wawo wakwatiwa ndi wosesa tsitsi.

Ine ndili kuno ndekha, ndimadzuka kukadali mdima kukatsuka makolo a eni okalamba, ndipo chimene chimandiimika ndi choti kwathu kuli nyumba, m'nyumbamo muli bambo ndi iwe. Usandichititse manyazi.

Kabati yanji? Yankha.

Mchemwali wako


19 Meyi

Achemwali,

Ndili moyo, bambonso ali moyo. Pepani pochedwa. Ndinayamba makalata angapo, onse anathera m'mbaula.

Sindinatembenuke. Koma khalani pansi.

Dzulo lake la tsiku lija ndinapita kumsika waukulu kukagula za mu shopu, monga ndinkachitira. Ndinabwera ndi sopo, paudala ndi bokosi lathunthu la malezala. Ndinaliika m'kabati ya pansi pa galasi, bambo akuona. Anadandaulanso kuti ndagula mtundu wa pepala lofiira pamene iwo amakonda wa pepala lobiriwira. Apolisi atawatenga ndinatsegula kabatiyo. Bokosi linali momwemo, litangochotsedwa pang'ono pamwamba. Munthu amene ali ndi malezala odzaza bokosi pafupi ndi bondo lake sasiya kasitomala ndi tsaya limodzi kukafuna lezala pakona. Makamaka bambo. Munawaonapo atasiya mutu pakati? Magetsi akazima ankamaliza ndi sizasi. Tsiku limene munabadwa inu, akuti anamaliza kaye mutu wa munthu asanathamangire kuchipatala, ndipo amayi sanawakhululukire mpaka kale.

Ndiye anapita kuti? Sindikudziwa. Sindinawafunse, iwonso sanayambepo.

A boma andiitana. Loya wathu nditamuuza anavula magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, 'sindikukumbukira' ndi nyumba yaikulu, mumakhala anthu ambiri, lendi kulibe." Munthu wabwino, koma mutu wake anaumeta ndi wina wosadziwa ntchito.

Mukufunsa chifukwa chake ndimakhalabe pampando. Poyamba ndinkachitira msewu. Tsopano msewu unatopa, umangodutsa. Sabata yatha kunalowa mlendo wina wotsika basi, wosadziwa kanthu, kudzameta tsitsi. Anthu anasiya ntchito n'kudzaima tsidya lija, a Telala ali ndi tepi m'khosi, kudikira kuti aone ngati atuluke wamoyo. Anatuluka akudzisisita m'mutu, akudabwa kuti anthu a kuno n'chifukwa chiyani amamuyang'ana chonchi.

Ine ndimakhala chifukwa ndi nthawi yokhayo imene ndimapuma. Ndikakhala m'chipinda ndimaganiza za bokosi. Ndikamatsika masitepe ndimawerenga matabwa. Masana dzuwa likawala kwambiri pamathaulo omwe ndayanika, ndimaona ngati amayi aima pamwamba paja akundiuza kuti ndayanika mokhota. Koma ndikagonetsa mutu, bambo n'kundigwira pamphumi ndi dzanja lamanzere, maganizo onse amakhala chete. Ndi dzanja lomwe lija linkandiyeza kutentha ndikadwala. Lamanja lili ndi lumo pakhosi panga. Ndimadziwa zonse ziwiri, ndipo ndimasinza. Fungo la sopo limanditengera kutali, kumene tonse anayi tili patebulo ndipo palibe amene wakwiya.

Kwa mayi aang'ono ndimapita chifukwa akaseka amamveka ngati amayi. Palibenso china.

Kodi mukanakhala inu mukanatani?

Mlongo wanu,
Kadzidzi


6 Juni

Kadzidzi wanga,

Undikhululukire mawu aja. Ndalandira kalata yako ndipo ndakhala nayo m'thumba la yunifolomu mpaka yafewa.

Ndaganiza, ndipo ndapeza. Fodya! Chichokereni kuchipatala ndi chifuwa chija, bambo analumbira pamaso pa amayi kuti asiya. Sanasiye. Ankakabisala kuseri kwa thanki ya madzi ya nyumba yachitatu, ine ndinawapezako kawiri, anandigulira maswiti kuti ndisaulule. Atakangana ndi amayi m'mawa, mtima unali m'mwamba, anapita kukasuta. Apolisi atafunsa, chinatuluka ndi bodza lomwe ankanamiza amayi zaka zonsezi. Ndipo ukuwadziwa, akanena chinthu sabweza, ngakhale chikhale chopusa. Ndi zimenezo basi.

Za chikwama zimene akunena mayi aang'ono n'zoona. Ndinachinyamula kawiri popita. Koma ndinachinyamulanso kawiri pobwerera, zimenezo sanena. Ulendo wachiwiri kunkagwa mvula, bambo anatichingamira pakona ndi ambulera, iwo akunyowa. Amayi anawatukwana njira yonse atawagwira mkono. Sindikunena kuti zinali bwino. Ndinachoka panyumba paja msanga, ndipo ukudziwa kuti sikunali kufuna ndalama kokha.

Wandifunsa kuti ndikanatani. Ndikanati sindikukumbukira. Amayi apita, sitingawabweze ndi bokosi la malezala. Akatitengeranso bambo titsala ndi chiyani? Ndipo si bambo okha amene angapite. Woweruza akati anachita, ndiye kuti thabwa lija la pampando, ambulera ija, kuuzira pakhosi kuja, zonse zinali za munthu wina amene sitinamudziwe. Ndiye kuti ine ndinakulira m'nyumba imene kunalibe. Ndili ndi zaka zoti ndingakhale ndi ana anga, koma sindingathe kukhala mwana wa munthu wopanda nkhope.

Iwala bokosilo, mlongo wanga. Anthu amaiwala zazikulu kuposa pamenepa. Gogo wanga uja waiwala kuti mwana wake anafa, ndipo m'nyumba monse muno ndi iye yekha amene amagona bwino.

Mchemwali wako


15 Juni

Chisamba changa,

Ndine bambo ako. Kulemba si ntchito yanga, ukhululuke zilembo. Ndili bwino. Chifuwa chilipo pang'ono. Makina aang'ono aja anapsa, ndikugwiritsa akulu.

Ndaona makalata ako akubwera, mlongo wako amawabisa m'thumba ngati kuti ine ndingawerenge za eni. Sindikudziwa zimene mukulemberana. Koma nsagwada zake ndimazigwira tsiku ndi tsiku, ndipo zikutuluka. Mwanayu akutha.

Mutu uliwonse uli ndi pamene tsitsi limazungulira. Ukalimbana napo umasiya chigamba. Mlongo wako anabadwa wosatha kunama, ngakhale za maswiti. Usamuuze zokanena. Loya ndamuuzanso chimodzimodzi.

Mayi ako ndimawamva m'mawa akutsegula mpopi. Ndikatuluka ndimapeza ndi mayi a nyumba inayo. Tsitsi langa lakula, popeza ankandimeta ndi iwo, Lamulungu masana, akundinena kuti mutu wanga uli ngati dzungu logwa pangolo. Wometa sadzimeta.

Uzivala zofunda. Usatumizenso ndalama zambiri, udzisungire.

Bambo ako


5 Julayi

Achemwali,

Moni. Takhala tikupita kukhoti sabata yonse. Ndikuuzani ndekha musanamve kwa ena.

Chipinda chake n'chaching'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Pamwamba pali fani imene imazungulira mwaulesi, ndipo mawu a anthu amamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Dokotala anati bala la m'mutu likhoza kukhala la kugwa, likhozanso kukhala la kukankhidwa. Anaphunzira zaka zambiri kuti adzanene zimenezo. Wagolosale anati masana amatseka nthawi zina, nthawi zina satseka. A Kondakitala anabwera ndi suti, n'kuuza khoti kuti tsaya lachiwiri linametedwa bwino kuposa loyamba. Atafunsidwa ngati dzanja la bambo linkanjenjemera anati, "Bwana, ine ndagwira ntchito m'basi zaka zambiri, kunjenjemera ndimakudziwa. Panalibe." A boma anati umenewo ndi umboni wa mtima wouma. Loya wathu anati ndi umboni wa mtima woyera. A Kondakitala anayang'ana uku ndi uku ngati awapatsa tikiti yabodza.

Za fodya loya anawafunsa bambo kunja. Anati, "Ndinanena kale kumene ndinapita."

Lachinayi inali nthawi yanga. Mayi wa boma anandifunsa ngati ndimagula zinthu za mu shopu. Ndinati inde. Anati, "Tsiku limenelo, malezala analipo kapena panalibe?"

Ndinali nditakonzeka, achemwali. Mawu anu aja ndinawayeserera m'bafa mpaka anasalala. Ndinayang'ana bambo. Anakhala mowongoka, tsitsi lili nyankhalala, akundiyang'ana mmene amayang'anira mutu asanauyambe. Pamenepo ndinaona chinthu chimodzi. Ndikanama, ndiye kuti ndawaweruza kale. Munthu sabisira bokosi munthu wosalakwa. Ndikanati sindikukumbukira, iwo akanadziwa kuti mwana wawo akukhulupirira kuti anapha, ndipo mawa lake ndikanakhala pampando ngati wamaliro.

Ndinati, "Analipo. Bokosi lathunthu. Ndinagula ndine."

Loya wathu anatseka maso. Bambo anagwedeza mutu kamodzi, pang'ono, monga amachitira ndikasesa bwino.

Pakhonde mayi aang'ono anandikumbatira akulira, akuti mzimu wa mkulu wawo wagona lero. Ndinawasiya alire mpaka atatha. Kenako ndinaona bambo akutuluka okha atapachika jekete pamkono, ndinapita kukalilandira. Mayi aang'ono anakuwa, "Iwe, ukupitanso kuti?" Ndinati, "Kunyumba, mayi." Anati ndine wamisala. Mwina.

M'minibasi tinakhala mpando umodzi. Anandilipirira. Chimene ananena njira yonse ndi choti ndisadzagulenso a pepala lofiira, amabuntha msanga.

Chigamulo chidzaperekedwa pa 8 Ogasiti. Loya sakulonjeza kanthu. Ngati mwakwiya, kwiyani, ndimva.

Mlongo wanu,
Kadzidzi


22 Julayi

Kadzidzi,

Ndakwiya. Ndinakulembera kalata ina yamasamba anayi, mwayi wako ndi woti ndinalibe sitampa. Ndinakutukwana m'basi, m'chipinda chochapira, ngakhale pamaso pa gogo wanga, amene anavomera zonse.

Tsopano ndatopa. Ndagula tikiti, koma tchuthi andipatsa kuyambira pakati pa Ogasiti, ndiye chigamulo chidzandipitirira. Sindikudziwa ngati ndidzawapeze mu shopu kapena ndidzakawaonere pawaya. Kulikonseko ndibwera. Ndawagulira juzi, undiuze ngati aonda kwambiri kuti ndikasinthe.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Iwe uli pafupi, ndipo waonetsa kuti zoona sukuziopa. Afunse. Osati za malezala. Afunse chenichenicho. Woweruza adzanena zake, koma iye sanakulire m'nyumba muja. Ndikufuna ndidziwe ndisanakwere ndege kuti ndikukakumbatira ndani.

Mchemwali wako


8 Ogasiti

Achemwali,

Ndikulemba m'mawa, titavala kale, tikudikira galimoto ya loya. Kalatayi ndiponya popita, mwina mudzasemphana nayo m'njira. Juzi musasinthe, adzalikulira.

Lero nditatsika ndinapeza bambo atakhala pampando iwowo, atadzikulunga kale nsalu m'khosi. Anati, "Sindingakaime pamaso pa woweruza ngati tchire. Gwira makina."

Sindinawametepo chibadwire. Mutu wawo ndi waung'ono kuposa mmene umaonekera, ndipo kuseri kwa khutu lamanzere kuli chipsera chimene sindinkachidziwa. Imvi zinkagwa pansalu mwakachetechete. Kunja kunali nkhungu, anthu ankadutsa ngati akuyandama, ndipo palibe anaima. Anandiwongolera kawiri, "Tsitsa dzanja," "Usathamange, mutu suthawa."

Nditatha anati, "Ndevunso." Ndinatenga lezala, kulithyola, kulilowetsa. Ndinapaka thovu. Anagonetsa mutu n'kutseka maso, khosi lonse poyera. Pali mtsempha wina pambali umene umagunda, ndinkauona ukukweza thovu pang'onopang'ono. Ndinaika dzanja lamanzere pamphumi pawo. Panali potentha.

Ndili pakati anayankhula, maso ali chitsekere. "Uli ndi funso. Mwina ndi lako, mwina ndi la mchemwali wako. Funsa. Lero ndiyankha."

Lumo linali pansi pa chibwano. Ndinaima.

Ndinaganiza za inu, achemwali, ndipo ndinatsegula pakamwa. Koma ndinaona mayankho onse awiri ataima pakhomo. Akati ayi, kodi ndikhulupirira? Ndikapanda kukhulupirira, ndiye kuti ndawataya ndi dzanja langa. Akati inde, ndidzatani ndi dzanja ili lili pamphumi pawo? Ndilichotse? Ndinaliyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti sindilichotsa. Amayi ndinkawakonda, ndikuwafuna tsiku lililonse, ndipo sindilichotsa. Tsono funso limene yankho lake silisuntha dzanja, ndi la ntchito yanji?

Ndinati, "Musayankhule, bambo, ndingakutemeni."

Ndinapitiriza kumeta. M'kona mwa diso lawo munatuluka madzi n'kutsetserekera m'khutu. Mwina ndi sopo, ndinapaka wambiri. Ndinamaliza, kuwapukuta, kuwathira sipiriti. Anadziyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti kumanzere ndasiya mzere, koma kwa woyamba si zoipa.

Ndalephera ntchito imene munandituma. Mukabwera mudzafunse nokha, ngati mudzathe.

Galimoto yafika, ikuliza hutala. Bambo ndawalongedzera kachikwama, muli zovala, mankhwala a chifuwa ndi bulangete. Mwina tibwera nako, mwina ndibwera chimanjamanja. Akuti anyamule okha, ndakana.

Mlongo wanu,
Kadzidzi